Kachilombo Kafupi M'magazi a Mkazi Wanga

Ndinagwila ntchito yoona magazi kwa zaka makumi awili ndi zisanu ndi zitatu, pa kachipatala kakang'ono kufupi ndi Nyimba. Ntchito yake siyovuta kufotokoza. Umabaya munthu chala, kudontheza magazi pa kagalasi, kuwayala, kudikila kuti aume. Kenako umawathila utoto, kutsuka, kudikilanso. Akauma umaika kagalasiko pa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka, n'kuika diso. Masiku ambili chimene umafuna ndi malungo. Kachilombo kake kamaoneka ngati kamphete kokhala ndi kadontho kofiila. Ndinakaona kambilimbili moti ngakhale potseka maso kupemphela m'chalichi, timphete tija tinkayandama patsogolo panga.

Pakhoma la chipindacho panali chithunzi chakale cha tizilombo ta m'magazi. Pansi kumanja anajambulapo ka kaodzela, matenda obwela ndi kashembe, ntchentche yoluma ya kuchigwa cha Luangwa. Anakajambula katali, koonda, kopindika ngati kanjoka, kali ndi mchila wonga ulusi. Zaka zonsezo sindinakumane nako m'magazi a munthu, koma sindinkakayika kuti tsiku lokumana nako ndidzakadziwa, pakuti ndinkakaona m'mawa uliwonse popachika jekete.

Mkazi wanga anali wa ku Nyalugwe. Anali wochepa thupi, woyenda msanga, woimba mu kwaya ya amai. Ankanditcha dokotala wa diso limodzi, chifukwa ndinaphunzilila pa makina akale oonela diso limodzi, ndipo chizolowezi chotsinzina sichinandichoke ngakhale powelenga kalata. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anakwatiwa ku Petauke.

Chaka chimenecho mng'ono wa mkazi wanga anadwala msana nthawi yokumba nshawa, mtedza uja, ndipo anatumiza mawu kuti mkulu wake akamuthandize. Anapita, anakhalako masabata atatu. Anabwela ndi thumba la nshawa, nkhope yada ndi dzuwa, ndi chotupa kuseli kwa bondo. Ndinachiona pamene ankasamba mapazi pakhonde.

"Ichi n'chiyani, amai?"

"Chithupsa, bambo. Kodi zithupsa nazonso zimafuna makina?"

"Chinakulumani n'chiyani?"

"Kwathu kuja chilichonse chimaluma. Ngakhale alamu anga amaluma akaledzela."

Tinaseka, nkhani n'kuthela pomwepo.

Patapita masiku angapo thupi linatentha. Lolemba m'mawa anabwela kuchipatala kwathu n'kukhala pabenchi pamodzi ndi anthu ena. Ndinamukodola kuti alowe, iye anapukusa mutu. Sankafuna kuti anthu azinena kuti mkazi wa woona magazi amadumpha mzele. Nthawi yake itakwana ndinamugwila chala.

"Pang'onopang'ono," anatelo. "Ndine mkazi wanu, sindine thumba la chimanga."

Utoto umene tinali nawo mwezi umenewo unali utakhalitsa, ndipo unkasiya tinyenyeswa pa magalasi. Ndikunena zimenezi chifukwa ndi zoona, osati kuti zindichotsele mlandu. Ndinaika diso, ndinasuntha kagalasi kamodzi, kawili, kachitatu n'kuona timphete ta malungo. Ndinasangalala. Malungo ndinkawadziwa, mankhwala ake anali m'chipinda chotsatila.

Ife oona magazi tili ndi chizolowezi chimene palibe mphunzitsi anatiphunzitsa. Ukapeza malungo umawelenga, kulemba, n'kutenga kagalasi kena. Amene anatiphunzitsa ndi anthu a pabenchi, ana akulila, amai ochokela kutali amene afunika kubwelela dzuwa lisanalowe. Ndikuwelenga timphete tija, m'mbali munaoneka chinthu china. Chinali chachifupi, chonenepa, ngati njele ya dzungu, chopanda mchila. Ndinachidutsa, kenako ndinabweza kagalasi n'kuchiyang'ananso. Mumtima ndinati ndi chinyenyeswa cha utoto. Ndinalemba kuti malungo.

Magalasi otha ntchito tinkawaponya m'beseni kuti atsukidwe. Aka sindinakaponye. Kanali ndi dzina lake, lolembedwa ndi pensulo yanga, ndipo sindinafune kulifufuta. Ndinakaika m'kabokosi ka matabwa n'kupita nako kunyumba.

Anamwa mankhwala, thupi linazizila, anabwelela ku kwaya. Patatha sabata ndi theka linatenthanso. Tinati malungo sanathe, anamwanso. Mutu unayamba kumuwawa kwambili, ankamanga chitenje pamphumi. Kenako anayamba kugona masana. Amai a kwaya anabwela naye tsiku lina atamugwila mikono, akuti anagona ali chiimilile pakati pa nyimbo. Iwo ankaseka, iyenso ankaseka.

Tsiku limene ndinachita mantha linali Lachisanu masana. Ndinamupeza pakhonde akusenda nshawa, lichelo lili pamiyendo, mutu ukugwela pachifuwa. Ndinamugwila phewa kuti akagone m'nyumba. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinkawadziwa.

"Choka apa, galu iwe."

Tinali titakhala m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo sanandinenepo mawu oipa. Ndisanayankhe anali atagonanso, nshawa ili m'dzanja.

Kuchipatala chachikulu dokotala anamuyeza, kenako anandifunsa funso limodzi, ngati wodwalayo anapitako kuchigwa. Ndinati inde, kwawo n'komweko. Anatenga madzi a mumsana. Madzulo ake anandiuza kuti ndi kaodzela, ndipo kachilombo kafika kale ku ubongo. Anafotokoza mofatsa kuti matendawa akapezeka adakali m'magazi okha, kuchiza kwake kumapepuka. Akafika kumutu, mankhwala amakhala aukali ndipo thupi lofooka nthawi zina silipilila. Anachita zonse zimene akanatha. Mkazi wanga anamwalila m'mawa wina, anamwino akusintha zofunda pa bedi loyandikana. Kuchokela Lolemba lija la pabenchi panali patapita masabata asanu ndi awili.

Pamalilo panabwela mnzanga wina amene tinaphunzila limodzi ntchito, ndipo panthawiyo ankagwila ku Petauke. Iye ndi Mbemba. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timanyozana mwaufulu popanda wokwiya, iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, ndipo pamalilo iwo ndiwo amakumba manda ndi kuseketsa ofedwa. Anabwela ndi ufa m'manja n'kundipaka kumutu konse.

"Mbuya, mkazi wabwino chonchi unkamudyetsa mbewa tsiku ndi tsiku. Watopa, wapita kukadya zabwino."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, misozi ikusakanikilana ndi ufa.

Mwana wanga sanaseke. Ankayenda pakati pa anthu, ndipo aliyense wofunsa kuti zinayamba bwanji ankamuyankha mofanana. "Atate anawayeza okha magazi. Ngati diso la atate silinaone, ndiye kuti panalibe choona. Mulungu anafuna." Anauza azibusa, anauza amai a kwaya, anauza ang'ono a amai ake amene ankadzigwetsa pansi akudziimba mlandu kuti ndiwo anawaitanila imfa. Ndinaona kuti mawu amenewo ndiwo anali mzati umene anatsamila. Ine ndinakhala chete ndi ufa wanga kumutu, ndikuona njele ya dzungu ija.

Chaka chimenecho ndinapuma pa ntchito. Ndisanachoke ndikanatha kubwela ndi kagalasi kaja n'kukayang'ana ndekha, makina anali pomwepo. Sindinatelo. Ndinkadziuza kuti diso limene linalakwa silingadziweluze. Mwina chinali chifukwa chenicheni, mwina anali mantha. Kabokosi kanakhala pamwamba pa kabati, kuseli kwa makapu a alendo. Ndinkalima, ndinkapita kuchalichi, ndinkaphika ndekha. Mwana wanga ankaimba foni Lamlungu lililonse tikaweluka mapemphelo, ndipo nthawi zina ankabwelezanso mawu aja, kuti ndisadandaule, ndinachita zonse. Ndinkayankha kuti zikomo. Mgonelo wa Ambuye ndinkadyabe.

Chaka chitatha ndinakulunga kabokosi mu mpango n'kukwela minibasi ya ku Petauke. Linali Loweluka, tsiku limene odwala amachepa. Njila yonse ndinakafukata pachifuwa, moti amai amene ndinakhala nawo pampando anafunsa ngati ndanyamula mazila.

Mnzanga uja ndinamupeza akupukuta makina ake.

"Wodya mbewa wafika! Bisani zakudya. Wabwela kudzapempha ntchito, mdala? Kuno sitilemba anthu otsinzina."

"Ndabwela kudzaona ngati anyani anakusiyilako nzelu."

"Anyani tinadya onse. Khala pansi. M'mpangomo muli chiyani, mbewa zouma?"

Ndinamasula, n'kumupatsa kagalasi. Anawelenga dzina. Anandiyang'ana, n'kuwelenganso.

"Ndi ka tsiku loyamba," ndinatelo. "Malungo alipo, usavutike nawo. Funa china."

Iye asanabwele ku Petauke anagwilapo ntchito kuchigwa, ndipo kaodzela anamuona ndi maso ake kangapo. Anadontheza mafuta, anakhala pa sitului, n'kuyamba kuchokela pangodya. Poyamba ankalankhulabe. Anati magazi ndinawayala mokhuthala ngati phala la mwana, anati utoto wanga unali wa m'nthawi ya makolo. Ine ndinkayang'ana dzanja lake likupotoza kachitsulo kosunthila kagalasi. Kunja wina ankakolopa khonde, ndowa ikulila akaikoka. Patapita nthawi nthabwala zinatha. Dzanja linaima. Anapitiliza, linaimanso. Anachotsa magalasi a maso n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Bwela uone," anatelo.

Kanali pomwepo, pakati pa magazi a mkazi wanga. Kafupi, konenepa, mbali imodzi kosongoka pang'ono. Tsopano popeza ndinkayang'ana mosathamanga, ndinaona kadontho kakakulu pakati ndi kena kakang'ono kumapeto. Chinyenyeswa cha utoto sichikhala ndi madontho awili okhala m'malo mwake chotelo.

"Koma kalibe mchila," ndinatelo. Ndinamva mawu anga ngati a mwana wodzikanila.

"Mchila ulipo, watsala kachitsa. Ndi komweko, mbuya. Kaja ka pakhoma lako ndi aka ndi kachilombo kamodzi."

Anakoka sitului ina kuti ndikhale, n'kundifotokozela monga amafotokozela ophunzila.

"Aka ndi selo imodzi yokha, kanthu kamoyo kochepetsetsa, koma m'chibadwa chake munasungidwa matupi angapo. Kakangolowa m'magazi a munthu kamakhala katali, koonda, kothamanga, ndipo kamagawikana pawili, pawili, mpaka tidzaze. Tikachuluka timazindikila tokha kuti tapanikizana, chifukwa timatulutsa kanthu kena m'magazi kamene tinzake timamva. Pamenepo tambili timaleka kubeleka, timafupika, timanenepa. Kafupika kakonzekela ulendo, kakudikila kashembe kuti akayamwe. Kakafika m'mimba mwa kashembe kamapeza kozizila, shuga wa m'magazi kulibe, ndiye kamasinthanso thupi, khungu, ngakhale chakudya. Kakamapita ku malovu a ntchentcheyo kasinthanso. Chibadwa chake sichinasinthe ngakhale pang'ono. Malo amene kafika ndiwo amanena thupi loti kaonetse."

Ndinakumbukila kuti kusukulu anatiuzapo zimenezi, mizele iwili kapena itatu m'kope, masana ena otentha. Koma diso langa silinaphunzile m'kope. Linaphunzila pakhoma.

"Nanga tatali tija tinali kuti tsiku limenelo?"

"Timachuluka ndi kuchepa ngati madzi a mumtsinje. Thupi limapha tambili, totsala n'kuyambanso. Unabaya chala madzi akuphwa. Ndapeza titatu tokha pa kagalasi konse, tonse tatifupi. Ndafuna theka la ola, ndikudziwa chimene ndikufuna. Iwe unali ndi anthu pabenchi."

"Kamodzi ndinakaona."

"Unaona chinthu."

"Ndinabweza kagalasi, ndinakayang'ana kawili. Chotupa cha kuseli kwa bondo ndinachionanso. Ndinkadziwa kumene anachokela."

Anachotsa kagalasi pa makina, anapukuta mafuta mosamala, n'kukagwila m'mphepete ndi zala ziwili.

"Mwana wako ali konkuno ku Petauke, eti?"

"Inde."

"Usamuuze. Magalasi amagwa tsiku lililonse muno. Aka kakhoza kundipulumuka m'manja, ndisese ine, iwe ukwele minibasi. Amene wapita wapita. Mwanayo umulanda chiyani china?"

Ankanena mwachikondi, ndipo sindinganene kuti analakwa. Ndinatambasula dzanja, anandipatsa. Potuluka anandipelekeza mpaka pageti. Anayesa kunena kanthu za mbewa koma sanamalize.

Sindinapite kwa mwana wanga nthawi yomweyo. Ndinakhala pa khonde la sitolo ina yotseka, pafupi ndi pamene anthu amakonzela njinga, n'kupemphela maso ali otsegula. Sindinafunse Mulungu chifukwa chimene analengela kachilomboko. Ndinangodabwa kuti kanthu kosaoneka anakapatsa matupi angapo ndi nzelu yodziwa nthawi ya lililonse, ndipo ine anandipatsa zaka makumi awili ndi zisanu ndi zitatu kuti ndikaphunzile, koma ndinadziwa thupi limodzi lokha. Ndinapempha kuti andilole kukhala chete. Ndinapempha kawili. Mtima sunamasuke. Mwana wanga anamanga chitonthozo chake pa diso langa, ndipo Lamlungu lililonse ndinkalandila ulemu umene sunali wanga. Ndinanyamuka.

Ndinamupeza akuchapa kuseli kwa nyumba. Mwamuna wake anali atapita ndi ana kumunda. Anakondwa, anapukuta manja pa chitenje, anagwada kundilonjela, n'kundibweletsela mpando pamthunzi.

"Atate, osanena kuti mubwela? Ndikanapha nkhuku."

"Khala pansi, mwana wanga. Ndili ndi mawu."

Anakhala pa ndowa yovundikila. Ndinamuuza zonse, kuyambila pa chotupa. Ndinamuuza za njele ya dzungu, kuti ndinaiyang'ana kawili, ndiponso zimene mnzanga anapeza m'mawa umenewo. Za utoto wakale ndi za anthu a pabenchi ndinanenanso, koma mwachidule. Iye ankayang'ana thovu la sopo likuphwa m'beseni.

"Ndiye kanalipo," anatelo.

"Kanalipo."

"Tsiku loyamba lenileni."

"Inde."

"Mukanakadziwa, amai akanachila?"

"Sindingalumbile. Koma akanayamba mankhwala kachilombo kasanafike kumutu. Ambili opezeka msanga amachila."

Nkhuku inabwela kudzamwa madzi a sopo, sanaiingitse.

"Tsiku lija anakutukwanani, munandiimbila foni mukulila. Ine ndinawakwiyila amai. Ndinabwela kuchipatala ndili wokwiya, sindinawagwile dzanja tsiku loyamba." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Ndinauza anthu onse, atate. Ndinaimilila pamalilo n'kuuza anthu onse. Inu muli pomwepo."

"Ndinalipo."

"Chaka chonse."

"Ndinkaopa kuyang'ana."

"Nanga lelo mwandiuzilanji?"

Ndinati sindikanatha kumvanso akundiyamika pa chinthu chimene sindinachite. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye mwatula katundu wanu," anatelo. "Mwamutula pa ine."

Sindinakane, pakuti mbali ina zinali zoona.

Anaimilila, anatenga malaya a mwana m'beseni n'kuyamba kufinya. Anafinya mpaka madzi anatha, akufinyabe.

"Amai aang'ono musawauze. Akudziimba kale mlandu kuti ndiwo anawaitana. Akamva kuti panali mpata, adzafa nazo."

"Sindiwauza."

"Ndipo ana anga asamve."

"Sadzamva."

Anandiphikila tiyi. Anabweletsa pa thileyi, ndi shuga ndi kasupuni, monga amachitila ndi alendo, n'kubwelela kukachapa. Ndinamwa ndekha. Nditamaliza ndinati ndikufuna kupeza minibasi dzuwa lisanapendeke. Sanandikakamize kugona.

Kwathu mlendo sachoka yekha. Umamunyamulila chikwama, kumupelekeza mpaka kumsewu, ngakhale mutakangana. Mwana wanga anafika pakhomo la mpanda n'kuima, manja ali onyowa.

"Muyende bwino, atate."

"Tsala bwino, mwana wanga."

Ndinayenda ndekha kanjila kopita kumsewu waukulu. Pokhota ndinacheuka. Anali atabwelela kale kuseli kwa nyumba, ndipo ndinkangoona zovala zikukwela pa chingwe, chimodzi chimodzi.

Sindimuimba mlandu. Lamlungu lotsatila nditaweluka kuchalichi ndinakhala pakhonde, foni ili pa bondo, mpaka mthunzi wa mango unafika pamapazi anga. Sinalile. Lamlungu linalo sinalilenso. Lachitatu lake inalila. Anafunsa ngati ndagula mbewu ya chimanga, ndinati ndagula. Anafunsa ngati denga la khitchini likudonthabe, ndinati ndinakonza. Ndinkamva mpweya wake pafoni. Kenako anati ana akumuitana, n'kudula.